Mafyuluta Anayi a Oyilo pa Injini Imodzi: Zimene Zimabisika M'kati mwa Chitini

Fyuluta ya oyilo ndi chimodzi mwa zipangizo zochepa za galimoto zimene munthu amagula popanda kuona mbali imene imagwira ntchito. Wogula amangoona chitini chopakidwa penti, dzina la kampani ndi nambala, pomwe pepala losefera, mavalavu awiri ndi guluu wogwirizira zonsezi zimakhala zotsekeredwa m'kati. N'chifukwa chake ndinayerekezera mafyuluta anayi amene onse amagulitsidwa kuti ndi oyenera injini imodzi, ya Toyota ya petulo ya malita 1.5 yotchedwa 1NZ-FE, imene ili m'magalimoto ambiri monga Corolla, Yaris ndi Probox. Yoyamba ndi ya Toyota yeniyeni yopangidwa ndi kampani ya Denso, ya nambala 90915-YZZE1. Yachiwiri ndi Mann-Filter W 68/3, yachitatu ndi Fram Ultra Synthetic XG4967, ndipo yachinayi ndi yotchipa kwambiri, ya dzina limene sindilitchula pano, imene katoni yake inalibe adiresi ya fakitale. Iliyonse inagwira ntchito pa galimoto mpaka nthawi ya sevisi, kenako ndinaidula kuti ndione m'kati.

Ndinene msanga kuti atatu odziwikawo onse ndi oyenera kuikidwa pa injini, ndipo amasiyana pang'ono kwambiri poyerekeza ndi mmene otsatsa malonda amafunira kuti tikhulupirire. Mpata waukulu uli pakati pa atatuwo ndi yachinayi ija. Ndipo mpatawo suli kwenikweni pa pepala losefera, limene anthu ambiri amaliganizira poyamba, koma pa mavalavu, pa labala ndi pa kamangidwe ka m'kati.

Kuti zimenezi zimveke, pafunika kudziwa njira imene oyilo amadutsa. Pampu imakoka oyilo m'sampu, beseni la pansi pa injini losungira oyilo, n'kumukankhira ku fyuluta, kumene amalowera pa timabowo ting'onoting'ono tozungulira m'mphepete, n'kudzaza mpata wa pakati pa chitini ndi pepala. Kuchoka apo amapyola pepala kuchokera kunja kulowa m'kati, n'kutulukira pa bowo lalikulu lapakati lokhala ndi mazinga, ulendo wa ku mabeyaring'i a crankshaft (chitsulo chachikulu chozunguzidwa ndi mapisitoni), ku camshaft (chitsulo chotsegula mavalavu a injini) ndi ku timipata tothina ta VVT-i, njira ya Toyota yosinthira nthawi imene mavalavu a injini amatseguka. Pa injini zamakono oyilo yense amadutsa mu fyuluta asanafike pa zitsulo zoyenda. Kale sizinali choncho. Fyuluta ya Purolator imene Ernest Sweetland ndi George Greenhalgh anapanga mu 1923 inkasefa kagawo kochepa chabe ka oyilo, wotsalayo n'kumapita ku injini osasefedwa. Mafyuluta osefa oyilo yense anabwera m'zaka za m'ma 1940, ndipo achitini ochita kupotokola, amene tawazolowera lero, anafala m'zaka za m'ma 1950, kampani ya Wix italembetsa luso limeneli mu 1954. Popeza oyilo yense amadalira chitini chimodzichi, cholakwika chilichonse cha m'kati mwake chimafika pa injini yonse.

Chinthu choyamba kuyang'ana pogula si dzina la kampani ayi, koma ngati fyulutayo ndi ya injini yanu ndithu. Mazinga ofala kwambiri pa magalimoto ang'onoang'ono ndi amitundu iwiri. Toyota imagwiritsa ntchito kwambiri a 3/4-16, pomwe Honda, Subaru, Mitsubishi ndi injini zambiri za Nissan ndi Mazda zimagwiritsa ntchito a M20 x 1.5. Ndi maso mitundu iwiriyi imaoneka yofanana, chifukwa woyamba ndi wa mamilimita 19.05 m'lifupi ndipo wachiwiri ndi wa mamilimita 20, komanso kutalikirana kwa mazinga ake kumasiyana ndi kachigawo kosakwana gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. Zotsatira zake n'zakuti fyuluta ya M20 imatha kulowa pa chitsulo cha 3/4-16, n'kuzungulira bwinobwino ngati yagwira, koma itangokoleka m'nsonga za mazinga okha. Injini ikalira m'mawa oyilo ali wolimba, mphamvu ya pampu ikhoza kuikankha n'kuifwenkhula, ndipo oyilo amatha m'kanthawi kochepa dalaivala asanazindikire. Wogulitsa akaika fyuluta yatsopano pambali pa yakale n'kunena kuti ndi zofanana chifukwa zalingana msinkhu, muzimupempha kuti aone nambala m'kabuku ka kampani yopanga. Pa mfundo imeneyi ya Toyota ilibe mpikisano, popeza nambala yake imachokera kwa amene anapanga injini. Mann-Filter nayo ndi yosavuta kutsimikizira, chifukwa kabuku kake kamaonetsa mazinga, kukula kwa mphete ya labala ndi mavalavu amene ali m'kati. Yachinayi ija inali ndi mndandanda wautali wa magalimoto amakampani osiyanasiyana pa katoni yake, zimene kwa ine n'chizindikiro chokayikitsa, osati chokopa.

Mphete ya labala imene imagunda pa injini iyeneranso kulingana ndi malo ake, ndipo apa ya Toyota inandisangalatsa kuposa zinzake. Imabwera itamatidwa kapulasitiki kukamwa kuti fumbi lisalowe, mphete yake itapakidwa kale girizi, ndipo kapangidwe ka mpheteyo kamachititsa kuti munthu amve m'dzanja pamene fyuluta yafika pothera. Pa mafyuluta ena awiri odziwikawo mphete ndi yafulati monga mwa nthawi zonse, yogwira bwino m'kanjira kake. Pa yachinayi mpheteyo inasomphoka nditangoikhudza ndi chala, ndipo pochotsa fyulutayo inatsalira pa injini. Zimenezi n'zoopsa chifukwa makaniko wopupuluma akhoza kumanga fyuluta yatsopano pamwamba pa mphete yakaleyo, ndipo mphete ziwiri zosanjikizana sizichedwa kuphulika.

M'kati mwa chitini muli mavalavu awiri amene sakhala pa chithunzi cha katoni, chonsecho ndi amene amasiyanitsa fyuluta yabwino ndi yachabechabe. Yoyamba ndi yoletsa oyilo kubwerera. Ndi kalabala kopyapyala kamene mukasuzumira pa timabowo tam'mphepete mumakaona, ndipo ntchito yake ndi kutseka timabowoto injini ikazima, kuti oyilo wa mu fyuluta ndi wa m'timipata ta injini asatsikire m'sampu usiku. Valavu imeneyi ikakanika, m'mawa pampu imayamba yadzaza kaye fyuluta, ndipo pa masekondi amenewo zitsulo zimakhulana zili ndi oyilo wochepa. Imafunika kwambiri pa injini zimene fyuluta yake inagona chambali kapena kukamwa kwake kunayang'ana pansi. Makampani amaipanga ndi labala wamtundu wa nitrile, amene kawirikawiri amakhala wakuda, kapena ndi silikoni, amene nthawi zambiri amakhala wofiirira. Nitrile ndi wokwanira pa sevisi yanthawi zonse, koma amauma akakhala nthawi yaitali mu oyilo wotentha, pomwe silikoni amakhalabe wofewa pa kutentha ndi pa kuzizira komwe. Fram Ultra ili ndi valavu ya silikoni, ndipo nditaidula ndinapeza ili yofewa ngati yatsopano. Ya Toyota ndi ya Mann-Filter zinali zikutsekabe bwino. Ya fyuluta yachinayi inali itauma n'kupindika m'mphepete, ndipo zimenezi zinagwirizana ndi zimene ndinkaona pa dashibodi, pakuti nyale ya oyilo inkachedwa kuzima m'mawa ndipo kumtunda kwa injini kunkamveka kugogoda kwakanthawi, zimene zinatha nditabwezeretsa fyuluta yodziwika.

Valavu yachiwiri ndi imene amakaniko amaitcha bypass, yopatsa oyilo njira yolambalala pepala. Anthu ena amadabwa kumva kuti fyuluta ili ndi khomo lodutsira oyilo wosasefedwa, koma maganizo a akatswiri ndi akuti oyilo wakuda ndi wabwino kuposa kusowa oyilo. Pepala likatsekeka ndi litsiro, kapena oyilo akalimba chifukwa cha kuzizira, kapenanso dalaivala akaponda moto kwambiri injini isanatenthe, mphamvu ya oyilo kunja kwa pepala imaposa ya m'kati, ndipo kusiyanako kukafika pa mlingo woikika sipuling'i imagonja, valavu n'kutseguka. Mlingo umenewu suli wofanana pa injini zonse. Mafyuluta ambiri a magalimoto ang'onoang'ono amatseguka pa kusiyana kwa pafupifupi 1 bar (bar ndi muyezo wa mphamvu imene oyilo akukankhira), pomwe injini zambiri za Subaru zimafuna pafupifupi 1.6 bar, ndipo pali injini zina zimene valavuyi ili m'thupi la injini momwemo, moti fyuluta yake siikhala nayo. Apa ndi pamene fyuluta yongofanana kunja imapweteketsa mwakachetechete. Sipuling'i ikakhala yofooka, valavu imatseguka pafupipafupi, oyilo n'kumazungulira osasefedwa popanda nyale iliyonse kuyaka. Ikakhala yolimba mopitirira, injini imasowa oyilo pa nthawi imene ikumufuna kwambiri, kapena pepala limang'ambika. Pa mafyuluta atatu odziwikawo valavu inali yolimba mofanana ndithu ndikaikankha ndi chala, ndipo inkabwerera pamalo pake n'kutseka. Ya fyuluta yachinayi inali yosakhazikika, ndipo nditaunika ndi tochi kuwala kunkadutsa m'mphepete mwake ngakhale ili yotseka.

Tsopano tifike pa pepala, limene ndi phata la malonda onse olembedwa pa makatoni. Pepala lanthawi zonse limapangidwa ndi ulusi wa mitengo woviikidwa m'mankhwala olimbitsa, ndipo limapindidwa m'makwinya ambiri kuti malo osefera akhale aakulu m'chitini chaching'ono. Lamakono limapangidwa ndi ulusi wa galasi kapena wa poliyesita, umene ndi wopyapyala komanso wofanana kukula, kotero limagwira tizidutswa tating'ono kwambiri popanda kutsekereza oyilo, ndiponso limasunga litsiro lambiri lisanatsekeke. Pali mafyuluta enanso osakaniza mitundu iwiriyi. Kukula kwa litsiro kumayezedwa m'mamaikiloni, ndipo maikiloni imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Tsitsi la munthu limakhala pafupifupi mamaikiloni 70, pomwe kansalu ka oyilo kolekanitsa zitsulo mu beyaring'i kamatha kupyapyala mpaka mamaikiloni ochepa chabe, ndiye kuti tizidutswa towononga injini ndi timene maso sangatione n'komwe.

Nambala imene imalembedwa pa katoni, monga 99 peresenti, ilibe tanthauzo ngati sinatsatiridwe ndi kukula kwa tizidutswa timene ikunena. Fyuluta yogwira 99 peresenti ya tizidutswa ta mamaikiloni 40 ndi yosiyana kutalitali ndi yogwira 99 peresenti ya ta mamaikiloni 20, ngakhale zonse zalemba nambala imodzi ndi zilembo zikuluzikulu. Njira yovomerezeka yoyezera ndi ya ISO 4548-12, imene imazunguliza oyilo wothiridwa fumbi lodziwika kukula kwake n'kuwerenga tizidutswa tolowa ndi totuluka. Komanso kusiyana kwa 95 ndi 99 peresenti n'kwakukulu kuposa mmene kumamvekera, chifukwa pa tizidutswa 100 tilitonse yoyambayo imadutsitsa tisanu pomwe yachiwiriyo imadutsitsa kamodzi kokha. Fram imalemba poyera kuti Ultra Synthetic imagwira 99 peresenti pa mamaikiloni 20, ndiponso kuti ikhoza kuyenda mamailosi 20,000, omwe ndi makilomita pafupifupi 32,000. Toyota ndi Mann-Filter salemba nambala zoterezi pa katoni. Zimenezi zimandinyong'onya monga wogula wofuna kuyerekezera, ngakhale ndikumvetsa kuti makampani opangira mafakitale a galimoto amatsata muyezo wa mwini injini, umene umaganiziranso kuti oyilo azidutsa mosavuta.

Okonda mafyuluta osefa kwambiri amatchula kawirikawiri kafukufuku wa David Staley wa ku General Motors wa mu 1988, amene anapeza kuti kuchoka pa fyuluta ya mamaikiloni 40 kufika pa ya 30 kunachepetsa kutha kwa zitsulo ndi theka, ndipo kufika pa ya 15 kunachepetsa ndi 70 peresenti. Kafukufukuyo ndi weniweni, koma anachitika pothira dala fumbi lambiri mu oyilo kuti injini ithe msanga. Galimoto imene fyuluta yake ya mpweya ili bwino, ndipo oyilo amasinthidwa pa nthawi yake, siikumana ndi litsiro lochuluka chotero. Ndiye phindu la kusefa kwambiri lilipo ndithu, koma pa injini yosamalidwa bwino ndi laling'ono kusiyana ndi mmene nambala zimenezo zimaonetsera. Fumbi lambiri limene limafika mu oyilo limalowera ku mpweya, ndipo munthu amene amagula fyuluta ya oyilo yodula kwambiri koma n'kusiya fyuluta ya mpweya yong'ambika wawononga ndalama pamalo polakwika.

Nditadula mafyulutawa, chimene chinandichititsa chidwi pa ya Toyota n'chakuti pepala lake lilibe zivundikiro zachitsulo kumapeto, koma makwinya ake amatsekedwa ndi utomoni wolimba. Ena akaona zimenezi amaganiza kuti kampani inaumira, koma makwinyawo anali ataima mowongoka, otalikirana mofanana, ndipo panalibe pamene oyilo akanazembera. Mann-Filter inaoneka yomangidwa mosamala kwambiri, chitini chake chili chochindikala bwino, msoko wa pepala uli wogwira, ndipo paipi yapakati yokhala ndi mabowo, imene imachirikiza pepala kuti lisafwafwanizike, ili yolimba. Pepala la Fram Ultra linali lochindikala komanso looneka kuti likadali ndi malo ambiri osungira litsiro, umene ndi umboni wakuti pa sevisi yaifupi limatayidwa ntchito yake isanathe. Mu yachinayi makwinya anali ochepa ndi otalikirana mosalingana, ena ataunjikana mbali imodzi, guluu anali atasiya mpata pakati pa pepala ndi chivundikiro, ndipo m'kati mwa chitini munali timadontho ta dzimbiri. Pepala ngakhale likhale labwino chotani, ngati pali mpata pambali pake oyilo amasankha mpatawo.

Kwa munthu amene amasintha oyilo pa makilomita 5,000 mpaka 10,000, ya Toyota kapena Mann-Filter ndi yokwanira, ndipo ine ndingasankhe imene ndingatsimikize kuti ndi yeniyeni. Mahle, Bosch ndi Wix ali m'gulu lomweli, ndipo ndi bwino kudziwa kuti Mann-Filter, Wix ndi Purolator onse tsopano ali pansi pa kampani imodzi ya ku Germany ya Mann+Hummel, ngakhale kuti chilichonse chili ndi mitundu yake ndi miyezo yake. Fram Ultra ndi ena ofanana nayo amapindulitsa munthu amene amagwiritsa ntchito oyilo wamakono wokhalitsa ndipo buku la galimoto yake limalola sevisi yotalikirapo. Komabe nambala ya makilomita 32,000 ikunena za fyuluta, osati za oyilo. Oyilo amatha mphamvu chifukwa cha kutentha, petulo wolowerera ndi chinyezi, ndipo palibe pepala limene lingachotse zimenezi. Maulendo aafupiafupi, misewu yafumbi ndi kuima nthawi yaitali injini ikulira zimafupikitsa nthawi ya sevisi mosayang'ana fyuluta imene yaikidwa. Pa injini ya dizilo, kuda msanga kwa oyilo si mlandu wa fyuluta, chifukwa mwaye ndi wosakwana maikiloni imodzi ndipo umadutsa pepala lililonse lanthawi zonse.

Vuto la mayina otchuka n'lakuti ndi amene akuba amakonda kukopera. Fyuluta yachinyengo yolembedwa dzina la kampani yaikulu ndi yoopsa kuposa yotchipa yodziwikiratu, chifukwa mwini galimoto amaidalira n'kuisiya nthawi yaitali. Zizindikiro zina zimaoneka musanalipire. Zilembo za pa chitini zimakhala zosalongosoka kapena zofufutika ndi chala, mazinga amakhala okhakhala ndipo nthawi zina muli tizidutswa tachitsulo totsalira, mphete ya labala imakhala yogwedera, ndipo mukaigwedeza pafupi ndi khutu mumamva kanthu kakugubuduka m'kati. Kulemera kumathandiza ngati muli ndi yeniyeni yoyerekezera nayo, ngakhale kuti okopera ena anaphunzira kuchindikalitsa chitsulo chapansi kuti chitini chimveke cholemera. Mtengo wotsika modabwitsa pa dzina lalikulu ndi chenjezo lodalirika kuposa zonsezi, ndipo wogulitsa amene angathe kunena kumene amaoda katundu wake ndi kupereka lisiti amayenera kumulipira kangachepe kowonjezera.

Magalimoto ambiri a ku Ulaya ndi injini zina za Toyota sagwiritsa ntchito chitini, koma pepala lokha limene limalowa m'chosungira chokhazikika pa injini. Mann-Filter imayamba nambala za mtundu umenewu ndi HU ndipo Mahle imayamba ndi OX, pomwe achitini amayamba ndi W ndi OC. Ubwino wake kwa wogula ndi wakuti pepala limaoneka lonse, moti makwinya opotoka ndi guluu wosakwanira sizingabisike. Pamenepa chofunika ndi kutalika kwenikweni kwa pepalalo, chifukwa likafupika ndi mamilimita ochepa oyilo amadutsa pamwamba, ndipo likatalika limaphwanyika potseka. Mphete zatsopano za labala ziyenera kupezeka m'katoni momwemo, ndipo chivundikiro, chimene nthawi zambiri chimakhala cha pulasitiki, chimamangidwa pa mlingo wolembedwa pamwamba pake, kawirikawiri 25 Nm (Nm ndi muyezo wa mphamvu yomangira).

Ngakhale fyuluta yabwino imadontha ikamangidwa molakwika. Pamalo pogunda mphete payenera kupukutidwa ndi kutsimikiza kuti mphete yakale yachoka, yatsopanoyo ipakidwe oyilo pang'ono ngati sinabwere ndi girizi, kenako fyuluta ipotokoledwe ndi dzanja mpaka mphete itagunda, n'kuwonjezera pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kuzungulira kumodzi, kapena monga mwalembedwera pa chitini. Kumanga mwamphamvu ndi sipanala yokoka ndi tcheni kumapinda chitini, ndipo pamene chapindika m'pamene chimadzang'alukira chifukwa cha kugunda kwa oyilo kosalekeza. Injini ikalizidwa, nyale ya oyilo iyenera kuzima m'masekondi ochepa. Kenako muzimitse, muyang'ane kuzungulira mphete ngati pali chinyezi, mudikire kuti oyilo atsikire m'sampu, ndipo muyezenso mlingo wake, popeza fyuluta yatsopano imamwako gawo lina la oyilo amene mwathira.